Bafa la kwa Anangondo

Sendezani mipando kuno, izi si zokambira patali. Ndipo amene akudziwa kuti kukada sapita yekha ku bafa apitiretu panopa, asadzandivutitse ine kuti ndimuperekeze.

Mu Blantyre muno munali mayi wina dzina lake Rozina Kambalame, amene ntchito yake inali yoyendera nyumba zogulitsa. Ukafuna kugula nyumba, usanavomere kanthu, umamuitana iyeyo kuti akaione kuyambira kumaziko mpaka kudenga, kenako akuuze ngati ndi nyumbadi kapena ndi chigumula chopakidwa penti. Ma ejenti ogulitsa nyumba ankamuda koopsa. Anzake ena a ntchito yomweyo ankangozungulira nyumba kamodzi manja ali m'thumba, kugogoda khoma ngati akugula chivwende, basi n'kusaina. Koma osati Rozina. Iye ankakwera m'siling'i ndi tochi kukafuna chiswe, kukwawa pansi pa sinki, mpaka kununkhiza makoma kuti amve ngati apentedwa dzulodzulo pobisa chinyontho. Ndipo chipinda chimene sanapondemo ndi mapazi ake, ngakhale mumugwadire, sankanena kuti chili bwino.

Amene anamutuma ulendo umenewu anali bambo Kaliwo, mphunzitsi wa ku sekondale, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana aakazi okhaokha. Mwini nyumba ya lendi anali atawauza kuti asamuke, ndiye iwo anapeza nyumba ku Chimwankhunda, m'munsi mwa phiri la Soche. Pomutuma Rozina sanachulukitse zonena.

“Mayi, ine za malata ndi mapaipi sindizidziwa. Mudzangondiuza chimodzi. Ana angawa angagonemo?”

Rozina analonjeza kuti dzuwa la tsiku loyenderalo lisanalowe adzakhala atawayankha.

Sabata imeneyo ku Chimwankhunda kunalibe madzi. Mipopi inali gwa, ndipo msewu wonse unali amayi okhaokha ndi zidebe, ena kutsika kuchitsime, ena kukwera akuwefuka. Rozina ataimika kagalimoto kake n'kuyamba kumasula makwerero, mayi wina wa chidebe chopanda kanthu anaima n'kumuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. Anafunsa ngati akulowa kwa Anangondo. Rozina atavomera, mayiyo anati mpaka pano kumangobwera amuna. Anatsegula pakamwa ngati awonjezera, koma anangopukusa mutu n'kuwolokera tsidya lina la msewu. M'pamene Rozina anazindikira kuti amayi onse aja akafika pa geti limeneli ankawoloka, kukayenda m'mbali mwa ngalande, n'kudzabwereranso atalipitirira.

Pa geti anamulandira Salijeni, ejenti wa nyumbayo, nsapato zili penipeni, pakamwa posapuma. Pambali pake panali Felesiya, mwini nyumba, amene anachita kubwera kuchokera ku Lilongwe. Nyumbayo inali ya mayi ake, Anangondo, omwe anamwalira nthawi ya kolera ija, ndipo chimwalirireni simunagonenso munthu. Felesiya anapereka moni mwaulemu ndithu, koma Rozina atamupempha kuti alowe limodzi, anati fumbi limamuyambitsa chifuwa. Anakatsamira galimoto yake, nyumba ya mayi ake ataifulatira.

Ndisaname, nyumbayo inali yabwino. Maziko opanda mng'alu, mitengo ya denga youma bwino, chiswe osachiona n'komwe, mawaya a magetsi oyenda m'mapaipi ake. Rozina mtima unayamba kukhala pansi. Chimene chinkamudabwitsa n'chakuti nyumba yotsekedwa nthawi yaitali imanunkha nguwi ndi makoswe, koma iyi inkanunkhira sopo, sopo wa ndodo uja wochapira, ngati wina wangotuluka kumene kosamba. Potsika m'siling'i anafuna kathaulo kake kopukutira m'manja, kamene anakapachika pa makwerero asanakwere. Kanalibe. Anafunsa Salijeni, iye n'kuseka kuti kodi iye ndi kathaulo akatani nako.

Chinatsala chipinda chimodzi kumapeto kwa kolido, bafa. Rozina anatembenuza chogwirira, chinatembenuka bwinobwino. Anakankha. Chitseko chinalowa pang'ono, kenako chinabwerera n'kudzitsekanso mwakachetechete. Anasuzumira m'mphepete ndi tochi, loko sanali wokhoma. Anakankhanso ndi phewa, chitseko n'kuchita chimodzimodzi. Inu, thabwa lofufuma ndi mvula limangokanika basi, silikankha munthu.

Salijeni anali kale kumbuyo kwake akufotokoza. Akuti thabwa lafufuma, akuti kalipentala abwera mawa kudzalipala, akuti mnzake wa Rozina amene anayendera nyumbayi kale, mwamuna wodziwa ntchito, anasaina osavuta, ndipo mapulambala nawonso sanalowemo koma anati zonse zili bwino. Kabafa kokha, mayi, muli chiyani m'bafa? Rozina anangotenga sikuludiraiva yake yaitali n'kutuluka.

Woyendera nyumba akafuna kudziwa ngati paipi ikudontha penapake mobisika, amatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita ya madzi. Kasingano kakaima, nyumba ilibe vuto. Kakamayenda, ndiye kuti madzi akuthawira kwina. Rozina anayamba watsegula mpopi wa kukhitchini, unangopuma mpweya kuti fuu, opanda ndi dontho lomwe. Anautseka, kutsekanso wa panja, n'kupita pa mita pafupi ndi geti. Anapukuta galasi lake ndi chala.

Kasingano kankayenda.

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumsewu, kumene amayi aja ankadutsabe ndi zidebe zawo, dera lonse lilibe madzi. Anatseka chotsekera chachikulu cha pa mitapo mpaka dzanja kuwawa. Kasingano kanapitirira kuyenda, osati mothamanga ngati paipi yaphulika, koma kuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Apo anachita zimene ankachita nthawi zonse: nsonga ya sikuludiraiva pa paipi, chogwirira chake pakhutu, chifukwa chitsulo chimanyamula phokoso la madzi kuchokera kutali. Anamva madzi akugwera m'beseni. Anamva akusiya. Kenako anamva manja akutapa madziwo n'kuthira pathupi, ndiye khwa, khwa, khwa, pang'onopang'ono, ngati dzanja lotopa. Pamapeto pake munthu anausa moyo m'khutu mwake mwenimwenimo.

Thupi lonse linachita tsembwe. Anachotsa chitsulocho pakhutu n'kukhala kaye chinjutire pomwepo. Dzuwa linali litapendekera kuseri kwa phiri, ndipo mthunzi unali utadya kale theka la bwalo.

Salijeni ataona nkhope yake anasintha mawu. Ulemu uja unatha. Anati mita ndi yakutha, a zamadzi adzasintha, ndipo Rozina asadzione ngati ndi yekha wodziwa ntchito m'tauni muno. Anati ma ejenti amakambirana, akangowauza kuti mayi uyu amagwetsa malonda chifukwa cha chitseko, sadzaitanidwanso ngakhale kukayendera khola la nkhuku. Rozina anamudutsa ngati sakumumva n'kupita kwa Felesiya. Anamufunsa motsitsa mawu kuti mayi ake anamwalirira chipinda chiti.

Felesiya anapotokola kiyi wa galimoto m'manja. Atayamba kuyankhula, maso anali pansi. Anati iye anabwera kudzacheza ali ndi khanda kumsana, ndipo matendawo anawagwira mayi ake mwadzidzidzi. Mayiwo anafookera m'bafa, atadziipitsira, n'kumamuitana kuti adzawasambitse. Iye anafika pakhomo la bafalo, anagwira chogwirira, koma anaganiza za khanda lake loyamwa. Anawauza kudzera pachitseko kuti apirire, azaumoyo akubwera. Mayi ake anaitana, anaitana, mawu n'kumachepa. Pamene azaumoyo ankafika anali atapita. Anawapopera mankhwala, kuwakulunga m'pulasitiki, n'kukawaika tsiku lomwelo, abale ataima patali. Panalibe amayi osambitsa maliro, panalibe wowakhudza.

“Anali munthu waukhondo, mayi anga,” anatero Felesiya. “Chibadwire changa sindinawaone akugona osasamba.”

Rozina anamumvera chisoni, koma anamuuza mosapsatira kuti tiyeni tikalowe limodzi. Felesiya anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto. Anati sangathe, anayesapo kamodzi kufika m'kolidomo n'kuthawa, n'chifukwa chake akuigulitsa.

Apa munthu wanzeru akanalongedza makwerero ake. Rozina naye anaganiza zomwezo, musamuyese chitsulo. Akanatha kungolemba kuti chipinda chimodzi sichinatseguke, n'kumapita kwawo. Koma ankamudziwa Salijeni. Mawa lomwe akanakawanyengerera bambo Kaliwo kuti ndi thabwa chabe, ndipo bambo aja, pothinidwa ndi mwini lendi, akanavomera. Funso lawo silinali la thabwa. Kuti awayankhe zoona anayenera kuona chimene chili kuseri kwa chitsekocho.

Analowanso m'nyumba yekha. M'kolido munali mutada, magetsi anali odula, ndipo fungo la sopo lija linali litakula. Ataima pa chitsekocho anakumbukira mawu a mayi wa chidebe uja, oti kumangobwera amuna. Amuna onsewo ankafika n'kukankha. Nanga mayi wamkulu ali kosamba, angalole mwamuna kulowa? Ndipo iyenso, mwana woleredwa bwino, anakankha kawiri konse osaodira. Anaika sikuludiraiva pansi, anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja mofatsa.

“Odi, amayi.”

Madzi amene ankamveka mkatimo anasiya. Kunangoti zii. Kenako chitseko chinatseguka chokha, pang'ono pokha, pokwana munthu mmodzi.

Rozina analowa tochi ataloza pansi, chifukwa munthu wamkulu sumuwalitsa ali chomwecho. Pansi panali fumbi louma, lopanda phazi la munthu. Pa kawindo kakang'ono panali kathaulo kake kaja, kopindidwa bwinobwino. Pakona, pamene kuwala sikunkafika, panali wina atakhala pa kampando kafupi, atamufulatira, mutu uli choweramira. Sanakweze maso kuti aonetsetse, ndipo ine sindikuuzani zimene mwini wake sanaone.

“Tsekani, mwana wa eni, kukulowa mphepo,” mawuwo anali otsika, otopa, aulemu. “Tandikhulani kumsanaku. Ndekha sindikufikako.”

Chinkhupule chonyowa chinapezeka m'dzanja lake, osadziwa kuti wamupatsa ndani. Madziwo anali ozizira mpaka m'mafupa. Rozina anapinda manja a ovolosi yake n'kuyamba kukhula. Chimene anachigwira sanachifotokozepo kwa munthu aliyense. Chokhacho chimene ankanena n'chakuti pansi pa chinkhupulecho sipankamveka khungu. Pankalira pulasitiki, ndipo kuseri kwa fungo la sopo kunali fungo lina, la mankhwala opopera aja. Anathira madzi, madzi n'kumangotsetsereka. Anakhula mpaka mapewa kuwawa, misozi ikutsika yokha, mantha ndi chisoni zitasakanikirana moti sankadziwa chimene chikumuliza.

“Basi, mwayesetsa,” anatero mawu aja. “Manja anu ndi antchito, koma madzi sakulowa. Si anu oyenera.” Anapuma kaye. “Ndamva m'makomamu kuti kukubwera atsikana. Ana aakazi sakana agogo akawaitana. Ndidzawayesa mmodzimmodzi, kapena wina adzafikapo.”

Rozina sanadziwe m'mene anatulukira. Anangozindikira ali pakhonde, mikono ili chonyowa mpaka m'zigongono, zala zitachita dzanzi. Kunja kunali chisisira. Salijeni anali atanjuta pa mita ndi tochi ya pa foni, ndipo atamuona anadzuka mano onse ali pamtunda. Kasingano kaima, mayi, bwerani muone nokha! Rozina anapita kukaona, pakuti sankakhulupirira za kumva. Kanali kataimadi. Chitseko chatseguka, m'bafa walowamo, paipi sikudontha, denga ndi maziko zili bwino. Mwa zonse zimene woyendera nyumba amayeza, panalibe ndi chimodzi chomwe choti angalembe kuti chalakwika, ndipo Salijeni ankadziwa zimenezo. Anamutambasulira cholembera.

Asanayankhe, kumsewu kunamveka lole ikukwera chitunda movutikira. Nyali zake zinawalitsa geti. Pamwamba panali matilesi, mipando, mbaula, ndi atsikana atakhala pa katunduyo akuimba nyimbo za kusukulu. Kani Salijeni, mbava ya munthu, anali atawaimbira kale bambo Kaliwo masana kuti zonse zatheka, kwangotsala kusaina, abwere adzagone m'nyumba mwawo lero lomwe.

Lole isanaime bwino, mtsikana wamkulu, wa msinkhu woyamba kumene sekondale, anadumpha n'kuthamangira pa geti akuseka, akufunsa kuti bafa lili kuti chifukwa fumbi la mumsewu lamukwana. Rozina anamugwira pamkono. Mwanayo anadzidzimuka ndi kuzizira kwa dzanjalo n'kuyesa kudzimasula, koma Rozina sanamusiye. Bambo Kaliwo anatsika kutsogolo, chipewa chili m'manja, nkhope yosangalala ija ikuzilala pamene ankayang'ana mayiyo.

“Bambo Kaliwo, musatsitse katundu. Nyumbayi sindinaivomereze.”

Salijeni analowerera ndi mawu ambirimbiri, kuti mayiyu wazungulira mutu, afunseni chimene chalakwika, afunseni ngati angachiloze ndi chala. Bambo Kaliwo anafunsadi, mofatsa, ngati ndi denga. Rozina anati denga lili bwino. Maziko? Ali bwino. Madzi, magetsi? Zonse zili bwino. Bambowo anayang'ana ana awo pa lole, n'kunena motsitsa kuti makiyi a nyumba ya lendi abweza kale, usiku uno alibe kolowera. Mawu amenewo anamulasa Rozina mumtima, pakuti ankadziwa kuti akuwagoneka ana amasiye panja popanda chimene angaonetse, ndipo ankadziwanso kuti pofika mawa dzina lake likhala litaipa kwa ejenti aliyense m'tauni.

“Munandifunsa ngati ana anu angagonemo,” anatero. “Sangagonemo. Muli munthu wamkulu amene sanasambe, ndipo akudikira manja a mwana wamkazi.”

Palibe anaseka. Woyendetsa lole anazimitsa injini, atsikana aja anasiya kuimba, ndipo tsidya la msewu amayi a zidebe anali ataima chete mumdima, akuonerera. M'kachetechete ameneyo, kuchokera mkati mwa nyumba yopanda madziyo, aliyense anamva mpopi ukutseguka ndi madzi akugwera m'beseni.

Mtsikana uja anatembenuza mutu ngati wina wamutchula dzina. Anayamba kukoka mkono wake, osati mothawa tsopano, koma molunjika kunyumbako, n'kunena kuti agogo akuitana, si bwino kuwasiya. Rozina anamukumbatira ndi manja onse awiri.

Felesiya nthawi yonseyi anali chitsamire galimoto yake. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anavula wotchi n'kuiika pa galimoto. Anavula nsapato. Anatsegula chitseko cha kumbuyo cha galimotoyo, kutulutsa chitenje n'kuchimanga m'chiuno mothina, ngati mayi amene akupita kukagwira ntchito pamaliro. Podutsa pafupi ndi Rozina anangomugwira mtsikanayo pamutu. Anakwera khonde, analowa, ndipo anthu onse anamva mapazi ake akuyenda m'kolido mpaka kumapeto. Anamva akuti, “Amayi, ndine.” Chitseko chinatsekeka pambuyo pake.

Rozina anamupereka mwanayo kwa bambo ake n'kuwauza kuti amukweze pa lole ndipo amugwire zolimba. Iye anakanjuta pa mita, tochi m'dzanja. Kasingano kankathamanga tsopano, osapumira, ndipo mkatimo munkamveka kung'ambika kwa chinthu chonga pulasitiki, ndi kulira kwa munthu, kosadziwika kuti ndi kwa uti. Salijeni anali atasowa, osatsanzika.

Patapita nthawi madzi anasiya. Kasingano kanagwedera pang'ono n'kuima. M'kolido munamveka mapazi onyowa akubwera pang'onopang'ono.

Bambo Kaliwo anafunsa monong'ona ngati tsopano zatha, ngati angayambe kutsitsa ana. Rozina anadzuka n'kulozetsa tochi yake pakhomo la nyumbayo.

“Asatsike aliyense,” anatero, “mpaka ndione kaye amene atuluke.”